Amayi anachotsedwa chibaliro, manje sagona usiku: funsani izi musanatumize ya sing'anga

Ngati kwanu ndi kum'mawa koma mumagwira ntchito muno mu Lusaka, mwina foni iyi munailandirapo kale. Mlongo wanu akuimba kuchokera ku Katete, ku Sinda kapena ku Vubwi. Ati opareshoni ya amayi inayenda bwino, chilonda chinapola, koma manje sagona. Pakati pa usiku akudzuka thukuta lili kamukamu, chitenje chonyowa ngati achokera kudambo. Masana akukalipira aliyense, ngakhale nkhuku. Inu mukutumiza ya mankhwala a malungo pa Airtel Money. Sabata yotsatira foni ina: ati atsibweni anu apeza sing'anga wodziwa, akufuna mbuzi.

Musanatumize ya mbuziyo, funsani funso limodzi chabe. Pa opareshoni ija anachotsa chiyani?

Ambiri timangokamba kuti "anawachotsa chibaliro", basi nkhani yatha. Koma maopareshoniwa ndi osiyana. Nthawi zina adokotala amachotsa chibaliro chokha ndi kusiya matumba a mazira, aja achizungu amati ma ovary. Mzimayi wotere sapitanso kumwezi ndipo sangatengenso mimba, koma matumbawo amapitiriza kupanga mahomoni, ndiye thupi silisintha mwadzidzidzi. Nthawi zina amachotsa zonse, chibaliro ndi matumba onse awiri. Apa ndiye pali nkhani yathu.

Matumba a mazira ndi amene amapanga homoni yotchedwa estrogen. Mwachibadwa homoni iyi imachepa pang'onopang'ono kwa zaka zingapo, ndipo azimayi ambiri amasiya kupita kumwezi pakati pa zaka 45 ndi 55. Thupi limakhala ndi nthawi yozolowera. Koma matumba akachotsedwa ndi mpeni, estrogen imatsika m'masiku ochepa chabe, ngati ZESCO yazimitsa magetsi pakati pa filimu. Kaya mayiyo ali ndi zaka 48 kaya 32, thupi limalowa msinkhu wosiya kusamba tsiku lomwelo, ndipo zizindikiro zake nthawi zambiri zimakhala zamphamvu kuposa za amene wafika msinkhuwo mwachibadwa.

Ine ntchito yanga ndi kulemba za oimba ndi za mafilimu, ndiye lekani ndikupatseni chitsanzo cha kumeneko. Angelina Jolie, uja wa Maleficent ndi Mr. & Mrs. Smith, anachotsedwa matumba a mazira m'mwezi wa March 2015 ali ndi zaka 39. Amayi ake anamwalira ndi khansa, ndipo iye anapezeka ndi vuto la chibadwa lotchedwa BRCA1 limene limakweza mwayi wodwala khansa ya m'mawere ndi ya matumba a mazira. Analemba yekha mu New York Times kuti wasiya kusamba ndipo akulandira mahomoni. Palibe amene anati walodzedwa. Kusiyana kwake ndi amayi anu ndi kwakuti iye anauzidwa zonse asanagone pa tebulo, pamene kwathu ambiri amatuluka m'chipatala atamva za chilonda ndi tsiku lobweranso basi. Mwina anauzidwa, koma munthu amene wangotuluka ku opareshoni, mutu uli zii, angakumbukire zingati?

Zifukwa zochotsera chibaliro ndi zambiri. Pali zotupa za m'chibaliro zotchedwa ma fibroid, zimene zimavuta kwambiri azimayi akuda ndipo zimatayitsa magazi ambiri. Pali khansa ya khomo la chibaliro, imene ndiyo khansa yofala kwambiri pakati pa azimayi m'Zambia. Palinso ngozi za pobereka, chibaliro chikang'ambika kapena magazi akakana kuleka, ndipo apa ndi pamene atsikana a msinkhu wathu amalowera m'nkhaniyi. Wa ku Katete nthawi zambiri amathamangitsidwa ku St Francis, chipatala cha mishoni chimene chinayamba mu 1948 ndipo chimayendetsedwa ndi mipingo ya Anglican ndi Katolika. Ku Sinda kuli chipatala cha mishoni cha Nyanje. Matenda akakula munthu amatumizidwa ku Chipata Central, ndipo a khansa amafika mpaka kuno ku Cancer Diseases Hospital.

Moto umene amayi akukamba ndi weniweni

Umayambira pachifuwa, kukwera m'khosi mpaka kumaso. Mtima umagunda msanga, thukuta n'kutsika, ndipo pakapita mphindi zochepa munthu amayamba kumva kuzizira. Zitha kuchitika kangapo pa tsiku. Chimene chimachitika ndi chakuti mbali ya bongo imene imayang'anira kutentha kwa thupi imasokonezeka estrogen ikasowa, n'kumaona ngati thupi lapsa pamene silinapse. Onjezani kutentha kwa October m'nyumba ya malata yopanda siling'i, muona chifukwa chake amayi akukalipa. Munthu amene sanagone bwino kwa miyezi itatu sangaseke nthabwala zanu za pa foni.

Koma apa tichenjere. Thukuta la usiku ndi chizindikironso cha TB, ndipo kutentha thupi kum'mawa kuja tonse timadziwa kuti kungakhale malungo. Choncho ayambe apita ku kiliniki akapimidwe. Malungo amaoneka pa kadontho ka magazi m'mphindi zochepa. Ngati akutsokomola, akuonda, kapena chilonda chikutulutsa mafinya, imeneyo ndi nkhani ina ndipo siyofunika kudikira. Chimene sichithandiza ndi kumwa mankhwala a malungo mwezi ndi mwezi popanda kupimitsa.

Zikapezeka kuti si malungo, si TB, mankhwala a moto uwu alipo. Amatchedwa HRT, ndipo kwenikweni ndi kubwezera m'thupi estrogen imene yasowa, kaya ya mapiritsi, kaya kachigamba komata pakhungu, kaya yopaka. Amene alibe chibaliro nthawi zambiri amapatsidwa estrogen yokha, chifukwa homoni yachiwiri ija imene ena amalandira ntchito yake ndi kuteteza chibaliro. Kwa mzimayi amene wachotsedwa matumba asanafike zaka 45, madokotala ambiri amalangiza kuti alandire estrogen mpaka cha m'ma 50 kapena 51, msinkhu umene akanasiya kusamba mwachibadwa. Chifukwa chake si moto wokha. Estrogen imateteza mafupa ndi mtima, ndipo amene waitaya ali wamng'ono amakhala pangozi ya mafupa ofooka, aja othyoka munthu akangoterereka pachitsime.

Mudzamva ena akuti HRT imabweretsa khansa. Mantha amenewa anakula mu 2002 kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa Women's Health Initiative atatulutsa zotsatira zake. Koma azimayi ambiri a m'kafukufukuyo anali achikulire, opitirira zaka 60, ndipo m'gulu la amene anali opanda chibaliro n'kumalandira estrogen yokha, khansa ya m'mawere sinakwere. Izi sizikutanthauza kuti ndi ya aliyense iyayi. Amene anadwalapo khansa ya m'mawere, mitundu ina ya khansa ya chibaliro, sitiroko, kuundana kwa magazi m'mitsempha kapena matenda a chiwindi afunika dokotala aone kaye, ndipo kwa iwo kuli mankhwala ena opanda mahomoni amene amachepetsako moto. Ndiye chonde, osakagula mapiritsi pa Facebook kapena mabotolo a "hormone balance" amene amagulitsidwa mu tauni n'kuwakwezetsa basi pa Intercity. Ndalama imeneyo ikhale ya transipoti yoti amayi akaonane ndi dokotala wa azimayi.

Transipotiyo ndiye vuto lenileni, tisanamizane. Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha mu 2012, koma kuchoka m'mudzi wa m'malire a Mozambique ku Vubwi kukafika ku Chipata si ulendo wa masewera, makamaka nthawi ya mvula. Munthu amene chilonda chinapola amaona ngati kubwerera kuchipatala ndi kutaya ndalama za feteleza. Apa ndi pamene inu a mu tauni mungathandize. Auzeni anyamule khadi lawo la kuchipatala, ndipo apite ndi munthu wina amene angafunse mopanda manyazi: matumba anachotsa onse kapena limodzi? Khomo la chibaliro linatsala? Ndingalandire estrogen? Funso la khomo ndi lofunika, chifukwa pa opareshoni za mwadzidzidzi nthawi zina amalisiya, ndipo likatsala mayiyo ayenera kupitirizabe kupimitsa khansa. Kupima kumeneku kunayamba m'zipatala za boma mu 2006 ndipo ndi kwaulere.

Za kuchipinda, zimene alangizi sanatiuze

Pa kitchen party timaphunzitsidwa zambiri, koma izi sindinamvepo mlangizi akuzikamba. Estrogen ikasowa, kumaliseche kumauma ndipo khungu lake limapyapyala. Kugonana kumawawa, nthawi zina mpaka kuchekeka. Chilakolako nacho chimatha kutsika. Mwamuna amene sadziwa izi amayamba kuganiza zake: ati andikana, ati ali ndi wina, ati si mkazinso. Kumudzi mawu oti "anamuchotsa chibaliro" amayenda msanga kuposa njinga yamoto, ndipo simuchedwa kumva achibale akunong'oneza mwamunayo kuti apeze wachiwiri.

Amuna amene mukuwerenga pa basi, mverani. Opareshoni sinachotse njira, ndipo chisangalalo chimatheka ndithu. Poyamba dikirani masabata 6 kapena kuposerapo, mpaka adokotala atavomereza. Kenako gulani mafuta oterera a madzi ku famasi, onga K-Y, ndipo musathamange. Palinso estrogen yopaka kumaloko imene dokotala angalembe. Asisi, mankhwala aja a zitsamba oumitsa amene ena amakhulupirira, pa nthawi ino ndi kuthira mchere pachilonda. Khungu lochekeka limatsegulanso njira ya matenda, kuphatikizapo HIV, ndipo kusatenga mimba sikuteteza munthu ku matenda opatsirana. Kondomu ikadali ndi ntchito. Magazi akaoneka chilonda chitapola kale, pitani kuchipatala.

Zina ndi zazing'ono koma zimapeputsa tsiku. Zovala za thonje zopepuka m'malo mwa nailoni, botolo la madzi ndi chitenje chouma pafupi ndi mphasa, kuphikira panja osati kuweramira mbaula m'kakhitchini kotseka. Kwa ena tsabola, tiyi wotentha ndi mowa zimautsa moto, ndiye aone okha chimene chimawayambitsira. Fodya, ngakhale wa m'mphuno uja ambuya amakonda, asiye. Mafupa amafuna kashiamu, ndipo kapenta wodyedwa ndi minga yake ndi wabwino kwambiri, pamodzi ndi mkaka, bonongwe, chiwawa chotendera ndi nshawa, nyemba ndi soya. Mukamatumiza katundu kumudzi, thumba la kapenta wa ku Siavonga kapena wa ku Mpulungu liposa bokosi la mabisiketi. Za jimu musawavutitse nazo. Amayi amene amalima ndi kuyenda wapansi amachita kale zimene mafupa amafuna, bola asanyamule zolemera chilonda chisanapole bwino.

Chovuta kuchiona pa foni ndi mtima. Mzimayi wa zaka 29 amene anapita kukabereka n'kudzuka alibe chibaliro, mwina alibenso mwana, ali pamaliro amene anthu sakuwaona. Ena amalira popanda chifukwa, ena amaiwalaiwala, ena amasiya kupita ku chigwirizano kapena ku kwaya. Ngati zapitirira masabata awiri, sakudya, sakufuna kuonana ndi anthu, kapena akukamba zoti bola kufa, musangoti "limbani mtima". Mupite nawo kuchipatala, chifukwa matenda a maganizo nawo ali ndi chithandizo.

Pa 18 October dziko lonse limakumbukira tsiku la azimayi osiya kusamba, pakati penipeni pa dzuwa lathu lija. Kuno limangodutsa mwakachetechete, tonse maso ali pa Independence. Amene muli ndi alongo aang'ono kumudzi, funsaninso ngati analandira katemera wa HPV, amene boma linayamba kupereka kwa atsikana m'dziko lonse mu 2019. Katemerayu amateteza ku kachilombo kamene kamayambitsa khansa ya khomo la chibaliro, ndipo salipiritsa.