Tancred ndi Ana Ache

Ananu, mudziwa kuti kuno ku Khonjeni minda ya tiyi inatenga malo akulu, ndipo munda umodzi sukwanira ana onse a m'banja. Chifukwa chache makolo athu ambiri anamuka ku Harare ndi ku Johannesburg kukafuna moyo. Bvuto lotere linagweranso Azungu kale lomwe.

M'dziko la France muli dera lochedwa Normandy. Kumeneko, zaka 1,000 zapitazo, kunali mfumu yaing'ono dzina lache Tancred, mwini mudzi wa Hauteville. Mkazi wache woyamba, Muriel, anambalira ana amuna 5. Atamwalira iyeyo, Tancred anakwatira Fressenda, nabala naye ena 7. Mwa mwambo wao mwana analowa dziko la atate wache, si la amalume ache ai. Nanga kadziko kamodzi akadagawana bwanji anyamata 12?

Tsono ambiri a iwo anatenga akavalo ndi malupanga, napita ku Italy kukamenya nkhondo za mafumu ena kuti alandire malipiro. William, Drogo ndi Humphrey ndiwo anatsogola. William anali wamphamvu, kotero kuti anamutcha Dzanja la Chitsulo, ndipo mu 1042 anzache anamlonga ufumu m'dera la Apulia.

Pambuyo pache anafika Robert, mwana wa Fressenda, ali wosauka. Drogo sanamlandire bwino, koma anamtumiza ku Calabria, kumene anakhala ndi kulanda ng'ombe za eni dziko. Pomwalira Humphrey mu 1057, anasiya ana ache m'manja mwa Robert. Koma Robert anadzitengera yekha ufumuwo, namana Abelard, mwana wa mbale wache, cholowa cha atate wache. Mu 1059 Papa anamzindikira Robert kuti ndiye mwini Apulia ndi Calabria.

Roger, mzime wa anyamatawo, anaoloka nyanja mu 1061, namenyana ndi Aluya pa chisumbu cha Sicily kufikira 1091. Mwana wache, Roger II, anabvala chisoti chachifumu ku Palermo mu 1130. Chotero mdzukulu wa mwini kamudzi anasanduka mfumu yaikulu.

Tiyamika kulimba mtima kwa anyamatawa, koma tisaiwale kuti maiko anawatengawo anali ndi eni ache, ndi kuti Abelard anafera kuchilendo wosaonanso cholowa chache. Kusowa malo kunawachotsa kwao, koma atapeza malo ambiri anayamba kumanana okhaokha. Inu mukadzakula, mudzachita naye bwanji mwana wamasiye wa mbale wanu?