Ndalama za apolisi ndi chitetezo cha m'makomboni a Lusaka

Chaka chilichonse nduna ya zachuma ku Zambia imapereka ku nyumba ya malamulo bajeti, imene ndi ndondomeko ya mmene boma lidzapezere ndalama ndi kuzigwiritsa ntchito kuyambira Januwale mpaka Disembala, ndipo m'menemo muli gawo la apolisi, amene ali pansi pa unduna wa za m'dziko. Zochuluka mwa ndalamazi zimathera ku malipiro, kotero kuti kulemba wapolisi mmodzi ndi lonjezo la zaka zambiri, pakuti munthuyo adzafuna yunifolomu, nyumba, ndiponso penshoni akadzapuma. Achinyamata amene amaliza Giredi 12 amapikisana mwaunyinji malo akalengezedwa, ndipo osankhidwa amakaphunzira ku Lilayi kumwera kwa Lusaka, ku Kamfinsa ku Kitwe kumene amaphunzitsa zothetsa zipolowe, kapena ku Sondela kufupi ndi Kafue.

Boma silingalembe anthu monga lifunira. Dziko litalephera kubweza ngongole zakunja mu Novembala 2020, thumba linafinyika, ndipo mu 2022 ntchito zambiri zatsopano zinapita kwa aphunzitsi oposa 30,000 ndi azaumoyo oposa 11,000. Chisankhocho n'chomveka, koma anthu sanaleke kuchuluka. Kalembera wa 2022 anapeza anthu 19.6 miliyoni m'dzikomo, ndipo dera la phungu wa Kanyama mu Lusaka lokha linali ndi anthu oposa 500,000.

Vuto lenileni limaonekera pa polisi zing'onozing'ono za m'makomboni, zimene zimayang'aniridwa ndi polisi zazikulu monga za Kanyama, Matero ndi Chawama. Nthawi zambiri pamakhala chipinda cha tebulo ndi buku lolembamo madandaulo, kachitokosi kosungiramo ogwidwa, ndi apolisi owerengeka osinthana usana ndi usiku. Munthu woberedwa pakati pa usiku amatha kupeza wapolisi woti amlembere nkhani yake, koma osapeza galimoto yopita kumene kwachitika zinthu, ndipo n'chifukwa chake madandaulo akuti wodandaula anauzidwa kuti apeze takisi kapena agule mafuta amamveka kawirikawiri. Makomboni ngati George, Kanyama ndi Kalingalinga anakula popanda mapulani, njira zake ndi zopanikiza, nyumba zambiri n'zovuta kuzilondola, ndipo dzinja likafika madzi amadzaza misewu ya ku Kanyama, moti ngakhale galimoto ikhalepo siifika paliponse.

Thandizo likamachedwa, anthu amayamba kudziweruzira okha milandu. Mu Epulo 2016, mitembo yodulidwa ziwalo itapezeka cha ku George ndi madera oyandikana nawo, mphekesera zinaloza alendo, mashopu ambiri a anthu a ku Rwanda anaphwasulidwa, ndipo anthu awiri anawotchedwa ku Kanyama. Zofanana nazo zinabweranso mu 2020 pa nthawi ya mphekesera za anthu opopera mpweya wa poizoni m'nyumba. Masiku ano dandaulo lalikulu ndi magulu a achinyamata otchedwa majanki, amene amalanda mafoni ndi zikwama pa masiteshoni a basi, ndipo magulu a anthu odzipereka olondera usiku, ngakhale amathandiza, alibe maphunziro ndi mphamvu za lamulo zimene wapolisi ali nazo.

Kuyambira 2022, pamene thumba la chitukuko cha dera la phungu, la CDF, linakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, ndalama zina zamangira polisi zing'onozing'ono ndi kugulira apolisi galimoto. Komabe mu 2022 thumbali linagawidwa mofanana, ngati kuti Kanyama ndi dera la kumudzi la anthu ochepa ali ndi zosowa zofanana. Aphungu a Lusaka akamakambirana bajeti ayenera kufunsa kuti mwa apolisi atsopano ndi angati adzagwire ntchito m'makomboni, ndi kuti ndalama za mafuta ndi zokonzera galimoto zili pati, chifukwa chiwerengero cha omaliza maphunziro ku Lilayi pachokha sichiteteza munthu wa ku komboni ya Mtendere.