Chikatapila cha m'kabati ndi tipa ya pafumbi

Khirisimasi ikamayandikira, mashopu a ku Limbe ndi a m'katikati mwa Blantyre amadzaza ndi zoseweretsa ana, ndipo zaka zino pakati pa zidole ndi timfuti tamadzi pakumaoneka mabokosi a tinjerwa tapulasitiki tolumikiza. Okopa maso kwambiri ndi a magalimoto a kumgodi: chikatapila chachikasu, tipa ya matayala ojintcha, kamakina kobowola thanthwe ndi tianthu tovala zipewa zolimba. N'zosadabwitsa, poti nkhani ya migodi sikuchoka pakamwa pa Amalawi, kuyambira ku Kayelekera ku Karonga, kumene anayamba kukumba yureniyamu mu 2009, mpaka ku Kangankunde ku Balaka, kuphiri la Songwe ku Phalombe ndi ku Kasiya ku Lilongwe. Kholo likaona bokosilo limaona mwana wake ali injiniya. Mkangano umabuka bokosi litafika kunyumba: galimoto ikatha kumangidwa, ikhale m'kabati yagalasi pabalaza, kapena mwana atuluke nayo akaiphwasule?

Ku Bangwe kuli mnyamata wina wa pulayimale amene sanagwirepo bokosi latsopano. Tinjerwa take tinachokera pakaunjika wa zoseweretsa mumsika wa Limbe, tosakanikirana m'jumbo ndi miyendo ya zidole, ndipo anatitolera pang'onopang'ono amalume ake akamuponyera kangachepe. Kabuku ka malangizo kanalibemo. Tipa yake ndi yamawangamawanga: kutsogolo kwachikasu, bodi yofiira ndi yobiriwira, denga lochokera ku kanyumba ka zidole. Matayala enieni anapeza atatu, lachinayi anachita kudula ku patapata wakutha n'kulipala pasimenti mpaka linafanana ndi anzake. Chitsulo cholumikiza matayala akumbuyo ndi sipoko ya njinga. Chimene chimaimitsa odutsa n'chakuti bodiyo imatsanuladi. Anaikolowekera kumbuyo ndi kawaya, n'kumanga legeni woonda pansi pake, moti akakankha kamtengo ka m'mbali bodi imadzuka, mchenga n'kukhuthuka, iyo n'kubwerera yokha. Kuseri kwa khitchini anakumba kadzenje ka masitepe, ndi kamsewu kozungulira kotsikira pansi, chifukwa anaona kuti tipa yodzaza ikakwera molunjika imagwa chagada. Loweruka lililonse tipayo imaphwasulidwa. Nthawi zina imadzuka ili chikatapila, nthawi zina sitima yonga ya malasha ija yochokera ku Moatize yodutsa pa Nkaya, kenako imabwereranso kukhala tipa, koma yotalikirako, poti mwini wake waphunzira kuti matayala akatalikirana galimoto sigwa msanga.

M'nyumba zina za ku Namiwawa ndi Nyambadwe muli magalimoto okongola kuposa ameneyu, athunthu, opanda kanthu kosowa, ondandalikidwa pambali pa matambula a alendo. Anamangidwa tsiku limodzi, kawirikawiri bambo atagwira kabuku mwana akungopatsira, ndipo chimangireni sanatsikepo. Ine ndikuti pa ana awiriwa, wa ku Bangwe ndiye wadya phindu la tinjerwati, ndipo umboni uli m'kapangidwe kake komwe. Luso la tinjerwati linalembetsedwa ku Denmark pa 28 Januwale 1958: pamwamba pa kanjerwa pali timitu, kunsi kuli timapaipi, ndipo timitu ta kena timapanikizika pakati pa timapaipito mokwanira kugwira koma mololanso kuzulidwa ndi zala za mwana. Opanga ake akanafuna chinthu chongoyang'ana akanaumba galimoto yathunthu, kapena akanaikamo guluu. Kanjerwa ka m'zaka zimenezo kamalowabe pa ka lero, ndipo chitetezo cha lamulo pa lusolo chitatha, mafakitale ena, makamaka a ku China, anayamba kupanga tofanana kukula kwake. N'chifukwa chake jumbo ya pakaunjika imatha kubala tipa imodzi kuchokera m'mabokosi khumi a m'mayiko osiyana.

Makolo osunga m'kabati ali ndi mfundo, ndipo si zopepuka. Yoyamba ndi ndalama. Zinthuzi n'zochokera kunja, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya katundu wotere inathawa. Munthu amene wadzimana kuti agule bokosi sangasekerere kuona kachiwongolero katalowa m'ngalande, kapena katasesedwa limodzi ndi zinyalala m'mawa. Izi n'zomveka. Koma ndalamayo inalipirira chiyani? Ngati inalipirira chokongoletsera pabalaza, maluwa apulasitiki ndi otsika mtengo. Ngati inalipirira kuti mwana adziwe chifukwa chake mkono wa chikatapila umafuna cholemera kumbuyo, ndiye kuti sabata iliyonse imene galimoto yakhala yotsekeredwa ndi ndalama yotayika. Kutaya tizidutswa kuli ndi mankhwala ake osavuta: mphasa kapena chitenje choyala pansi posewera, ndi chigoba cha majarini chosungiramo. Za khanda lokwawa lomwe lingameze kachidutswa, apo palibe kutsutsa, ndi ngozi yeniyeni ndipo pabokosi amalembapo msinkhu woyenera. Yankho lake ndi kusewerera patebulo kapena khanda litagona, osati kumana wamkuluyo.

Ena amati kutsatira kabuku ndi sukulu payokha, ndipo akunena zoona kuposa mmene otsutsa amavomerezera. Kabukuko kalibe mawu, ndi zithunzi zokhazokha, tsamba ndi tsamba, ndipo mwana amene wazolowera kuona chojambula n'kudziwa kuti kachidutswa aka kalowa kuseri kwa ako wayamba kale kuwerenga pulani. Amaphunziranso kudekha, chifukwa ukalakwitsa koyambirira umadzazindikira kumapeto bodi ikukana kukhala, n'kuyambanso kumasula. Mnyamata wa ku Bangwe uja akusowa phunziro limeneli, ndipo atapeza kabuku angapindule. Komabe kabuku kamaphunzitsa mmene wina anaganizira. Funso loti bwanji nditasuntha matayalawa silibwera mpaka galimoto itaphwasulidwa ndipo kabuku katatsekedwa. M'magalaja a ku Ndirande ndi Chirimba, makaniko wodalirika ndi amene amadzutsa galimoto yomwe sipeya yake sipezeka m'dziko muno, ndipo luso limenelo limayambira pa tayala lachinayi losowa lija.

Pali akuluakulu ena amene amatolera magalimotowa mwa iwo okha, ndipo amenewa asiyidwe. Kunja kuli mabokosi opangira anthu okhwima, monga makina aakulu ofukula a kumgodi amene anatuluka mu 2016 okhala ndi tizidutswa toposa 3,900, ndipo bokosi losatsegula limatha kukwera mtengo likasiya kupangidwa. Amene wagula zake ndi ndalama zake aziike pomwe afuna. Chovuta ndi kugula m'dzina la mwana, kumujambula nalo bokosi pa tsiku lake lobadwa, kenako n'kutenga kiyi.

Agogo ambiri amadandaula zina: kuti tinjerwati tikupha galimoto yawaya. Mibadwo ya ana a ku Zingwangwa, Chilomoni ndi Mbayani inakula ikupinda waya, kukulunga matayala ndi malegeni, n'kutalikitsa chiwongolero mpaka m'chiuno kuti woyendetsa azithamanga ali chiimire, ndipo matayala akutsogolo ankakhotadi. Amenewo anali mainjiniya opanda sitifiketi, ndipo n'zachisoni kuti magalimoto otere akuchepa m'makwalala. Koma wolanda ana si kanjerwa ayi, mwachionekere ndi foni ndi kanema, komanso waya amene masiku ano amathera kwa ogula zitsulo zakutha. Mwana wa tipa yamawangamawanga uja ndi mdzukulu weniweni wa opinda waya, sipoko ndi legeni zikuchitira umboni. Galimoto ya m'kabati ndiyo yachilendo pa mwambo umenewu, chifukwa palibe mwana wa m'makwalala a Blantyre amene anapangapo galimoto kuti aziyingoyang'ana.

Chinanso choonekera pamashelefu a ku Limbe n'chakuti mabokosi a migodi amagulidwira anyamata, atsikana n'kupatsidwa tiziwiya tophikira, ngakhale kuti mlongo wake wa mnyamata wa ku Bangwe ndiye amasankhula tizidutswa mofulumira kuposa mwini wake. Ndipo tianthu ta m'bokosimo tonse tili ndi chipewa cholimba ndi chovala chonyezimira. Mzinda wa Blantyre umadziwa migodi kuyambira kale, pomwe amuna ankasonkhana pa Wenela kudikira ulendo wa ku Joni, ndipo lero matipa odzaza kwale amatsika kuchokera ku Njuli tsiku ndi tsiku kudzera mumsewu wa Zomba. Koma m'mbali mwa misewu ya m'mataunishipi amayi amakhala pansi ndi hamala kuswa miyala yogulitsa pawilibala, kumutu ali ndi duku basi, ana awo akusewera pambali pa mulu womwewo.