Kodi Mumadziwa? Kabowo ka Kumbuyo kwa Rauta Ndi Nkhokwe ya Banja Lonse

Kodi mumadziwa kuti kabowo ka USB kamene kali kumbuyo kwa rauta zambiri si kongokongoletsa? Mukalowetsapo fulashi kapena hard drive, n'kutsegula gawo logawana mafayilo pa tsamba lokonzera rautayo, foni ndi laputopu zonse zimene zili pa Wi-Fi ya pakhomo zingathe kuona zithunzi, nyimbo ndi makanema amene ali mmenemo. Yambani mwawerenga kabuku kake, chifukwa pa rauta zina kabowoka n'ka modemu kapena pulinta basi.

Kodi mumadziwa kuti zimenezi sizidya bandulo? Fayilo ikamachoka pa disiki kupita pa foni, siituluka m'nyumba. Bandulo ingathe, koma Wi-Fi imagwirabe ntchito. Kanema wa ukwati amene mukanatumizirana pa WhatsApp, aliyense n'kulipira payekha, mumangomuika kamodzi, onse n'kumaonera. Kwa ine, phindu lenileni ndi limeneli.

Nanga makinawa amamvana bwanji? Ambiri amagwiritsa ntchito njira yotchedwa SMB, imene Barry Feigenbaum anayambitsa ku kampani ya IBM mu 1983. Mkati mwa rauta zambiri muli pulogalamu yaulere ya Samba, imene Andrew Tridgell wa ku Australia anatulutsa mu 1992.

Kodi mumadziwa kuti liwiro lolembedwa pa katoni silifikiridwa? USB 2.0 imalonjeza ma megabit 480 pa sekondi, ndipo USB 3.0, ya kabowo kabuluu, imene inabwera mu 2008, imalonjeza ma gigabit 5. Koma purosesa ya rauta ndi yaing'ono, ndipo ntchito yake yoyamba ndi kuyendetsa intaneti, choncho fayilo yaikulu imatenga nthawi. Chodabwitsa china n'choti USB 3.0 imasokoneza Wi-Fi ya 2.4 GHz, monga mmene Intel inafotokozera mu 2012. Intaneti ikayamba kudukaduka mutangolumikiza disiki, ikani disikiyo patali ndi rauta kapena samukirani pa 5 GHz.

Disiki ikamangolira tiketike osatseguka, kawirikawiri moto ndi umene wachepa. Kabowo ka USB 2.0 kamapereka 500 mA, ka USB 3.0 kamapereka 900 mA. Disiki zikuluzikulu za mainchesi 3.5 zimafuna adaputala yakeyake.

Palinso malire ena: fulashi yofomatidwa mu FAT32 siilandira fayilo imodzi yoposa 4 GB, ngakhale malo atakhalapo ambiri.

Kodi mumadziwa kuti alendo angalowe osagogoda? Rauta zina zimalola kutsegula disiki yanu muli kutali, kudzera pa intaneti. N'zokoma, koma mu February 2014 akuba a pa intaneti analowa m'ma disiki oposa 12,900 olumikizidwa ku rauta za Asus. Mu 2016 bungwe la FTC la ku America linagwirizana ndi kampaniyo kuti chitetezo chake chiziunikidwa ndi anthu odziimira paokha kwa zaka 20. Rauta zina zakale zilinso ndi vuto lina: zimadziwa SMB1 yokha, mtundu wakale wa SMB umene vayirasi ya WannaCry inadzera mu May 2017 pamene inasokoneza zipatala za NHS ku Britain. Kuyambira chaka chomwecho, Windows 10 inayamba kusiya SMB1. Kompyuta ikakana kuona disiki ya pa rauta yakale, musathamangire kuyatsanso njira yoopsayo. Yambani mwafufuza ngati wopanga rautayo anatulutsa firmware (pulogalamu yoyendetsa rauta) yatsopano.

Ndiye pali magetsi. Akathima disiki ili mkati molemba, mafayilo angawonongeke, ndipo disiki imodzi ikafa imapita ndi zonse. Sinthani pasiwedi imene rauta inabwera nayo, tsekani njira yolowera kuchokera kunja ngati simukuifuna, ndipo zithunzi za ana ndi masatifiketi muzikoperenso pa disiki ina yosalumikizidwa ku rautayo.