ULENDO WA KU DZALANYAMA, PHIRI LIMENE LIMWETSA LILONGWE

Munthu akaima pa Likuni kapena pa Mitundu nthawi ya madzulo, napenya chakuzambwe, amaona mzere wa mapiri utatandika ngati linga. Amenewo ndiwo mapiri a Dzalanyama, amene ali m'malire a dziko lathu ndi Mozambique. Akuluakulu amati dzinali lidadza chifukwa kale nyama zidali zodzala m'menemo. Boma lidaika nkhalangoyi pansi pa chitetezo m'chaka cha 1922, ndipo kukula kwake ndi mahekitala pafupifupi 99,000. Komabe ambiri a m'dera lino amabadwa mpaka kukalamba akulionera patali phirili, osapondamo phazi ngakhale tsiku limodzi.

Mu Seputembala 2024, ife abwenzi asanu ndi mmodzi tinapangana kuti tikadzionere tokha. Awiri tinali a ku Likuni, awiri a ku Mitundu kunsi kwa phiri la Bunda, ndipo awiri enawo, aphunzitsi ndi akazi awo, anachokera ku Nathenje. Wamkulu pa tonse anali mkulu wa mpingo wa zaka zopitirira 70, amene paubwana wawo adaweta ng'ombe m'mphepete mwa nkhalangoyo. Tinatenganso agalu awiri: Dziwazako, galu wamkota wa akuluwo, ndi Kambuku, kagalu kachinyamata ka aphunzitsi. Onse awiri anali atabayidwa katemera wa chiwewe.

Kunyamuka

Loweruka m'mamawa, titapemphera, tinakwera galimoto yapikapu pa Likuni. Amayi anali atakonza kamba: mbatata yophika, mtedza wokazinga, nthochi ndi chigubu cha thobwa. Agalu anakhala kumbuyo pamodzi ndi ife amuna, mphuno zili kumphepo.

Tinayamba taima ku Malingunde. Malo amenewa ndi odziwika bwino kwa ife a Sinodi ya Nkhoma, pakuti mishoni idakhazikitsidwa pamenepa m'chaka cha 1907. Pafupi pomwepo pali madamu awiri otchedwa Kamuzu, loyamba lomangidwa mu 1966 ndi lachiwiri mu 1989. Madamuwa amasunga madzi a mtsinje wa Lilongwe, ndipo mtsinjewo umatumphuka m'mapiri a Dzalanyama. Aphunzitsi, poloza madziwo, anati, "Taonani abale, madzi amene amatuluka pa mpopi ku Kawale ndi ku Chinsapo ndi omwewa. Ife lero tikupita kumene amachokera."

Kuchoka apo msewu unali wafumbi ndi wamabampu. Tisanapite patali tinayamba kukumana ndi njinga zosenza matumba a makala, zina atatu, zina anayi, eni ake akukankha thukuta lili kamukamu. Tinayesa kuwerenga, koma titafika pa 40 tinaleka.

M'nkhalango

Pakhomo la nkhalango alonda anatilandira mwaulemu, natiuza malamulo: osasonkha moto, osadula mtengo, ndipo agalu asachoke pa chingwe. Lamulo lachitatuli ndi lanzeru, chifukwa galu wa kumudzi ngakhale akhale wofatsa chotani, akangomva fungo la nyama amakumbukira uzimba. Mlonda mmodzi anavomera kutiperekeza.

Tinasiya galimoto pamthunzi n'kuyamba kukwera chapansi. Mwezi wa Seputembala ndiwo nthawi imene mitengo ya tsamba ndi mombo imaphuka masamba atsopano mvula isanagwe. Masambawo amayamba ali ofiira, ena ngati mkuwa, ena ngati magazi, kenaka n'kumasanduka obiriwira. Phiri lonse linali ngati lavala nsalu yatsopano. Mitengo ya masuku inali itabereka, koma zipatso zinali zisanapse.

Akulu aja anatilangiza kuti tichepetse nkhani. "Ana anga," anatero, "kuona maso a nkhono n'kudekha. Nyama imamva munthu iye asanaione."

Oyamba kuwaona anali anyani. Gulu lawo linali pathanthwe tsidya la kamtsinje, ana akusewera, akazi akutolana nsabwe, ndipo nkhwere yaikulu itakhala pamwamba ngati mfumu pabwalo. Itaona agalu inakuwa kamodzi, ndipo onse anakwera m'matanthwe mwadongosolo, osathamanga. Kambuku anakoka chingwe nafuna kuwalondola, koma mlonda anati, "Bambo, mugwiritse. Nkhwere imeneyo ikhoza kum'ng'amba galuyo kamodzi n'kamodzi."

Patsogolo pang'ono tinadzidzimutsa nkhanga, zimene zinathawa chothamanga m'udzu. Tinamvanso gogomole akugogoda mtengo wouma. Mlonda anatiuza kuti alendo ochokera maiko akutali amadza kuno makamaka chifukwa cha mbalame, ndipo ina imene amaifunitsa ndi mtundu wa gogomole wotchedwa Stierling, umene umapezeka m'madera owerengeka okha a Malawi, Mozambique ndi Tanzania. Tinadabwa kumva kuti anthu amawoloka nyanja kudzaona kambalame kamene ana athu amakaponyera legeni.

Pa dambo lina tinapeza pamene nguluwe zinafukula usiku, mapazi ake ali oonekeratu m'matope. Ndipo dzuwa lili pafupi kufika pamutu, amayi a ku Nathenje anaima chilili, naloza ndi chibwano. Pansi pa chitsamba panaima gwape, makutu ali tcheru, akutiyang'ana. Tinapenyana naye kanthawi, kenaka analumpha kawiri n'kuzimirira. Amayiwo anati chibadwire anali asanaonepo gwape wamoyo. Amene adamuonapo adali wa m'mbale.

Galu wamkota

Tikutsika kumka kumtsinje, Dziwazako anaima mwadzidzidzi pa kanjira ka nyama, nayamba kununkhiza ndi kukanda pansi. Mwini wake anamukoka, koma galuyo anakana. Akuluwo anamwetulira nati, "Galu wamkota sakandira pachabe. Tapenyani bwino pamenepo."

Mlonda atapatula udzu ndi ndodo, tinaona khwekhwe la waya, lomangidwa ku kamtengo kopindidwa. Linali pa njira yomweyo imene gwape uja akanadzera pokamwa madzi. Titafufuza mozungulira tinapezanso ena awiri. Mlonda anawamasula onse n'kuwaika m'thumba lake, natifotokozera kuti msampha wotere susankha: umagwira yaikazi yabere, umagwira mwana, ndipo nthawi zambiri wotcherayo sabwerako msanga, kotero kuti nyama imafa pang'onopang'ono n'kuwolera pomwepo.

Tinadya kamba wathu pamphepete pa mtsinje wa madzi oyera ndi ozizira. Pamenepo akuluwo anatisimbira za kale. Anati ali mnyamata ankaona mphalapala zikudya msipu m'madambo omwewa, ndipo usiku ankamva nyalugwe akulira m'matanthwe. Anatikumbutsanso kuti m'mapiri omwewa muli Kaphirintiwa, pamene makolo athu Achewa ankati anthu oyamba ndi nyama adatsikira, mapazi awo n'kudindika pamwala, ndiponso kuti kufupi ndi kuno, ku Msinja, ndiko kudali kachisi wa mvula wa Makewana. Ife Akhristu timadziwa za chilengedwe kuchokera m'Buku Lopatulika. Koma m'poyenera kuzindikira kuti makolo aja, Uthenga usanawafike, ankaliopa phirili, ndipo mantha awowo adasunga mitengo zaka mazanamazana.

Mbali ina ya phiri

Pobwerera mlonda anatidutsitsa njira ina kuti tione chimene alendo ambiri saona. Nkhalango inangotha mwadzidzidzi. Kutsogolo kwathu kunali zitsa zokhazokha, ndi milu ya dothi lakuda pamene adaotcherapo makala. Kunalibe mthunzi, kunalibe kulira kwa mbalame, ndipo kamtsinje ka pamenepo kanali kouma.

Aphunzitsi anatifotokozera mmene zimakhalira. Pamene pali mitengo, masamba amatchinga mphamvu ya mvula, zinyalala za pansi zimaigwira, ndipo mizu imatsegula njira kuti madzi alowe m'nthaka. Madzi amenewo amatuluka pang'onopang'ono m'akasupe ndi m'madambo chilimwe chonse. Pamene mitengo yatha, mvula imathamanga pamwamba tsiku limodzi, itakokolola nthaka. Matope aja amakathera m'madamu a ku Malingunde n'kumachepetsa malo a madzi. Motero wodula mtengo ku Dzalanyama amaumitsa mpopi wa munthu amene sanamuonepo. Vutoli lidakula kotero kuti mu 2015 boma lidatumiza asilikali ankhondo kukalondera nkhalangoyi.

Madzulo, titatuluka m'nkhalango, tinapeza mnyamata atakhala pamphepete pa msewu, njinga yake ya makala itaphulika tayala. Tinam'bwereka pampu, ndipo akulu aja anam'funsa mofatsa, "Mwana wanga, kodi ntchito imeneyi umaikonda?"

Iye anayankha, "Iyayi bambo. Chimanga chinatha kale m'nkhokwe, ndipo ana awiri ali pa sukulu. M'tauni akaleka kugula, ife tileka kuotcha."

Palibe anam'yankha. Mawu ake anali oona: wootcha ndi wogula ali m'goli limodzi, ndipo kudzudzula mmodzi yekha sikungapulumutse phiri.

Tichitenji?

Pa Genesis 2:15 timawerenga kuti munthu adaikidwa m'munda ndi ntchito ziwiri, yolima ndi yosunga. Yoyambayo timaidziwa bwino. Yachiwiri ndiyo ifunika kuikumbutsana m'mipingo mwathu.

Chotonthoza mtima n'chakuti mitengo ya tsamba ndi mombo siifa msanga. Chitsa chikasiyidwa, osatenthedwa ndi moto wolusa, chimaphukanso. Pa malo ena tinaona mphukira zofika m'chiuno pamene padali podulidwa. Nkhalango ikhoza kubwerera ngati anthu aipatsa mpata.

Tsono pali zinthu zimene banja lililonse lingathe. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo. Mpingo uliwonse ukhale ndi nazale ndi kamunda kake ka mitengo ya nkhuni, ndipo mabanja adzale m'malire a minda yawo. Amayi a Chigwirizano aphunzitsane kuumba mbaula zadothi zosatha nkhuni zambiri. Madikoni akumbukire mabanja amene chakudya chimawathera msanga, pakuti njala ndiyo imatuma anyamata kuphiri. Eni agalu awabayitse katemera chaka ndi chaka, ndipo asawalekerere kukasaka m'nkhalango yotetezedwa.

Pomaliza, aphunzitsi a Sande Sukulu ndi atsogoleri a achinyamata akonze ulendo wonga umenewu. Kuchokera ku Likuni ndi ulendo wa tsiku limodzi, kupita ndi kubwera. Muyambe mwapempha chilolezo kwa a za nkhalango, munyamule madzi akumwa okwanira, ndipo mupite mvula isanayambe, msewu ukadali wouma.