Ndalama Zakale za M'thiranki ya Agogo: N'chuma Kapena Mapepala Chabe?

Mu 2015, banki yaikulu ya ku Zimbabwe inalengeza kuti aliyense amene ankasungabe ndalama zakale za dzikolo apite nazo kubanki akasinthe. Pa ndalamazo panali pepala lotchuka lija la madola 100 thililiyoni, la maziro 14. Wopita nalo kubanki ankalandira masenti 40 okha a ku America. Koma pa nthawi yomweyo pepala lomwelo linkagulidwa madola angapo a ku America pa intaneti, ndipo m'zaka zotsatira mtengo wake unakwera kwambiri. Ogulawo ankangofuna kulisunga basi.

Padziko lonse pali anthu amene amasonkhanitsa ndalama zapepala ngati mmene ena amasonkhanitsira masitampa. Ali ndi mabuku awo, misika yawo komanso bungwe lawo la International Bank Note Society, lomwe linayamba mu 1961. N'chifukwa chake mukaona uthenga pa Facebook kapena pa WhatsApp wakuti "tikugula ndalama za Kamuzu", maganizo amathamangira kumudzi, ku thiranki ya agogo kapena ku Baibulo lakale lija lomwe muli timapepala tofiirira. Kodi mwina mulidi chuma? N'zotheka. Koma musanakwere basi, dziwani kaye mmene ogula enieni amaonera ndalamazi.

Ukale pawokha sugulitsa

Ambirife timaganiza kuti ndalama ikakhala yakale ndiye kuti ndi yodula. Ogula amayang'ana zinthu zitatu: ndalama zoterozo zatsala zingati, yanuyo yasungika bwanji, ndipo akuifuna ndi angati.

Taganizirani ndalama zimene zadutsa m'manja mwa makolo athu. Nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland kunali mapaundi ndi mashileni a Bank of Rhodesia and Nyasaland, okhala ndi nkhope ya Mfumukazi Elizabeth II. Dziko la Malawi litalandira ufulu mu 1964, kunabwera mapepala a mashileni 5, mashileni 10, paundi imodzi ndi mapaundi 5, okhala ndi nkhope ya Dr. Hastings Kamuzu Banda. Kwacha inayamba mu 1971, ndipo paundi imodzi inkasinthidwa ndi K2. Mu 1995 kunatuluka ndalama za nkhope ya Bakili Muluzi, ndipo mu 1997 zinalowedwa m'malo ndi za John Chilembwe.

Pa zonsezi, zimene zimavuta kupeza ndi ndalama zikuluzikulu za zaka zoyambirira. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mapaundi 5 inali ndalama yambiri moti munthu wamba sakanangoitsekera m'buku n'kuiwala. Ankaigwiritsa ntchito, kapena ankakaisintha ndalama zatsopano zikatuluka, ndipo banki inkawononga zakalezo. Koma timapepala ta 50 tambala ndi K1 ta zaka za m'ma 1980 tinasindikizidwa tambirimbiri, ndipo amalonda akunja anagula mitolo yathunthu tidakali tatsopano. Choncho K1 yothaitha ya Kamuzu, ngakhale ili ndi zaka pafupifupi 40, nthawi zambiri imagulidwa motchipa.

Pepala la ku Zimbabwe lija likusonyeza mbali yachitatu. Linasindikizidwa lambiri ndithu, koma olifuna ndi ochuluka zedi, kuphatikizapo anthu amene sasonkhanitsa n'komwe ndalama. Amangofuna kugwira ndi manja umboni wa nthawi imene mitengo ya zinthu ku Zimbabwe inkakwera tsiku lililonse.

Chinsinsi chili pa tizinthu ting'onoting'ono

Ndalama ziwiri zikhoza kuoneka zofanana koma mitengo yake n'kusiyana kutalitali. Ikani ndalama yanu pamalo owala, muijambule ndi foni mbali zonse ziwiri, kenako mukulitse chithunzicho.

Yambani ndi deti ndi siginecha ya gavanala wa banki. Mtundu umodzi wa ndalama umasindikizidwa kangapo, ndipo chaka china amasindikiza zochepa. Deti limenelo ndi limene ogula amalisakasaka.

Kenako onani nambala yake. Manambala otsika kwambiri ngati 0000012, obwereza ngati 7777777, kapena owerengeka chimodzimodzi kuchokera kutsogolo ndi kumbuyo, amakweza mtengo. Zilembo zoyambirira nazo zili ndi nkhani. Pepala likawonongeka kufakitale, amaikapo lina lokhala ndi zilembo zapadera, ndipo mapepala olowa m'malowa amakhala ochepa. Pa ndalama ya 100 thililiyoni, zambiri zimayamba ndi AA, koma zolowa m'malo zimayamba ndi ZA ndipo zimadula kuposa zinzake.

Palinso ndalama zodindidwa mawu akuti SPECIMEN, zomwe zinkatumizidwa kumabanki ngati zitsanzo, komanso zolakwika posindikiza, monga zodulidwa mokhota kapena zosowa mtundu wina wa inki. Ndalama zokumbukira zochitika zapadera, monga K50 ya mu 2004 yokumbukira zaka 40 za ufulu, nazonso zili ndi ozifuna, makamaka zikakhala zatsopano.

Chonde, musaisite

Apa m'pamene ambiri amataya ndalama ndi manja awo omwe. Ogula ali ndi magiredi. Pamwamba pali Uncirculated, kapena kuti UNC, kutanthauza pepala lomwe silinayendepo pamsika: losapindidwa, la makona akuthwa, lolira "tswa" mukaligwira. Pansi pake pali About Uncirculated, Extremely Fine, Very Fine, Fine, mpaka kufika pa Good, lomwe kwenikweni ndi pepala lotopa. Makampani oyeza ndalama, monga PMG ya ku America, amapereka malikisi kuyambira 1 mpaka 70 ndipo amamata ndalamayo m'pulasitiki yolembedwa giredi yake.

Mzere umodzi wopindika pakati umachotsa pepala pa UNC, ndipo mtengo umatsika nthawi yomweyo. Ndiye taganizirani ndalama yomwe inamangidwa pa nsonga ya chitenje, inagona pansi pa mphasa, inalawa thukuta ndi utsi wa kukhitchini.

Munthu akamva zimenezi amafuna "kuikonza". Amatenga simbi n'kuisita, kapena kuipukuta ndi sopo, kapena kumata pong'ambika ndi selotepi. Wogula wodziwa amazindikira msanga, chifukwa pepala lositidwa limasalala modabwitsa ndipo inki yotukuka ija, imene imamveka ku chala, imaphwatalala. Selotepi imasiya banga lachikasu losachoka. Kumata ndalama m'pulasitiki ya moto ngati chitupa ndiye kuipheratu. Pepala lakuda koma losakhudzidwa limagulidwa bwino kuposa loyera lochapidwa.

Isungeni mmene mwaipezera. Igwireni m'mbali ndi manja ouma, ichotseni pa labala ndi pa mapini, muiike yosapinda pakati pa mapepala oyera m'buku lolimba, kutali ndi dzuwa, chinyezi, mphemvu ndi chiswe.

Mtengo weniweni mungaudziwe bwanji?

Pafupifupi ndalama iliyonse yapepala ili ndi nambala yake m'mabuku a osonkhanitsa. Yodziwika kwambiri ndi nambala ya Pick, dzina lochokera kwa Albert Pick wa ku Germany, yemwe anayambitsa buku la Standard Catalog of World Paper Money. Mukalowa pa webusaiti ngati Numista n'kulemba dziko, mtengo wolembedwa pa ndalamayo ndi chaka, mupeza chithunzi ndi nambalayo. Ndi nambala imeneyi mukhoza kufufuza ndalama yanu yeniyeniyo, osati yongofanana nayo.

Tsono samalani ndi mitengo imene mukuiona. Pa eBay aliyense akhoza kulemba mtengo umene walota, ngakhale madola 5,000 pa K5 yong'ambika. Chofunika ndi mtengo umene wina analipiradi. Sankhani poonetsa zinthu zogulidwa kale, pa Sold items, muone ndalama zingapo zofanana ndi yanu pa deti ndi pa giredi. Makampani a okushoni monga Spink ndi Noonans a ku London, kapena Heritage Auctions ya ku Dallas, nawonso amaika pa intaneti zotsatira za malonda awo akale.

Podziyezera nokha giredi, tsitsani pang'ono. Mwini ndalama amaiona yokongola kuposa mmene wogula adzaionere.

Kugulitsa popanda kulira

Wamalonda wogula kuti akagulitsenso sangakupatseni mtengo wonse wa pamsika, chifukwa nayenso akufuna phindu. Ubwino wake ndi woti mumalandira ndalama pompopompo. Kugulitsa nokha pa intaneti kumabweretsa zambiri, koma muchotsepo ndalama ya webusaitiyo, yotumizira katundu komanso yosinthira ndalama. Ena amadalira m'bale wawo wa ku Johannesburg kapena ku London kuti awagulitsire. Ngati mwatero, gwirizanani za gawo lake katundu asananyamuke, ndipo fufuzani malamulo otumizira ndalama kunja, makamaka ngati ndalamayo ikugwirabe ntchito. Okushoni yaikulu komanso kuyezetsa ku PMG n'koyenera pepala losowadi, chifukwa zolipira zake zikhoza kuposa mtengo wa ndalama wamba.

Akathyali nawo ali tcheru. Wina amakuuzani kuti K10 yanu ndi ya mamiliyoni, koma mutumize kaye ya "lejisitireshoni" kapena ya "kuyeza" pa foni. Mukatumiza, nambala ija siipezekanso. Wogula weniweni salipiritsa wogulitsa. Wina amakutumizirani chithunzi chosonyeza ngati walipira, pomwe mu akaunti yanu simunalowe kanthu. Enanso amagulitsa mapepala onyezimira ngati golide olembedwa 100 thililiyoni, omwe ndi zokongoletsera chabe ndipo banki ya ku Zimbabwe sinawatulutsepo. Ena amalonjeza kuti ndalama zakale za ku Zimbabwe "zidzadzuka" n'kukulemeretsani. Ndalamazo zinathetsedwa mwalamulo mu 2015. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mukamakumana ndi wogula, sankhani malo a anthu ambiri, masana, ndipo mupite ndi mnzanu. Funsani ogula awiri kapena atatu musanavomere. Amene akukufulumizitsani kuti "mwayi utha lero" ndi amene muyenera kumukayikira kwambiri.

Pemphani kaye eni ake

Ndalama za m'thiranki zili ndi mwini. Ngati agogo ali moyo, apempheni, ndipo muwauze zoona zake za mtengo. Ngati anatisiya, ndalamazo ndi chuma cha masiye, ndipo amalume, azakhali ndi abale ena ayenera kudziwa. Nkhani yoti mwana wa uje anagulitsa ndalama za malemu mobisa ikhoza kudanitsa banja zaka zambiri, mwina chifukwa cha pepala lomwe linangogula bando ya mwezi umodzi.

Mukafufuza n'kupeza kuti pepala lanu ndi la mtengo wochepa, simunaluze. Pitani nalo kwa agogo muwafunse kuti mashileni 10 ankagula chiyani, anawapeza bwanji, ndipo n'chifukwa chiyani sanawadye. Mwina mumva za malipiro oyamba a ku Wenela kapena za fodya woyamba kugulitsa. Jambulani mawu awowo pa foni, ndipo lembani nkhaniyo pa kapepala kena, osati pa ndalamapo, musunge pamodzi. Ndipo mukadzalandira ku banki K5,000 yatsopano ya nambala yachilendo, ngati thumba likulola, muiike pambali yosapinda. Zidzukulu zanu nazo zidzatsegula thiranki.