Kuteteza Khomo ku Moto Wolusa ku Chamama

Moto wolusa umavuta ku Chamama kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula yoyamba itagwa, udzu utauma gwaa ndipo mphepo ikuwomba mwamphamvu m'zigwa za Kasungu. Kawirikawiri umayamba ndi osaka mbewa, ofula njuchi kapena alimi otentha mapesi pososa.

Chitetezo chenicheni ndi kulambula. Kuzungulira nyumba, nkhokwe, khola ndi chigafa cha fodya pafunika mpata wopalidwa ndi khasu mpaka dothi kuonekera, ntchito yoyenera kutha mu Juni udzu usanaumitse. Chigafa ndicho choopsa kwambiri: denga lake ndi la udzu, m'mbali mulibe zipupa, choncho mphepo imangodutsamo ndi mbaliwali za moto. Kumanga chigafa moyandikana ndi nyumba yogona n'kulakwitsa kwakukulu, ngakhale ambiri amatero poopa akuba fodya.

Mitolo ya udzu wofolera ndi nkhuni zisatsamire khoma.

Moto ukafika, amauzima poukwapula ndi nthambi zaziwisi kapena masaka onyowa, kuyambira m'mbali, osati kutsogolo kumene mphepo ikuukankhira. Ana ndi okalamba achotsedwe msanga, ndipo ziweto zitulutsidwe m'khola.